Lona kapena chophimba chansalu pa galimoto yogona panja

Lona wapulasitiki ndi wotchipa, sasowa mumsika wa Limbe. Chophimba chansalu, chosokedwa molingana ndi galimoto, ndi chodula.

Lona salowa mvula, koma amatsekera chinyezi m'kati. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, galimoto imangokhala yonyowa pansi pake, dzimbiri n'kuyamba. Chansalu chimalowa mpweya, chinyezi chimatuluka.

Dzuwa la Okutobala limafumbutsa lona msanga, chansalu chimapirira.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mphepo. Lona akamakupiza pa galimoto yafumbi, amakanda penti, ndipo kupentetsanso n'kodula kuposa chophimbacho. Chansalu chili ndi mpira m'mphepete, chimagwira bwino, komabe tsukani galimoto musanaiphimbe.

Ngati mukuimika masiku ochepa, lona akukwanirani. Ngati ndi miyezi, gulani chansalu.