Kambulu ka pakhutu kapena ufa wothira m'chakudya: zomwe ndaona pa ana a nkhosa

Anzanga amene tikuweta nkhosa kuno ku Free State, ku South Africa, mwandifunsa kambirimbiri kuti chonenepetsa ana a nkhosa msanga ndi chiti pakati pa kambulu ka pakhutu ndi ufa wothira m'chakudya, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Ndiyambe ndi ufa, chifukwa ndi umene unandipweteka. Ndinagula thumba la lysine, umodzi mwa michere yomanga thupi, pasitolo ina ya zaulimi, wogulitsa atanditsimikizira kuti ana a nkhosa za mtundu wa Dorper anenepa msanga. Miyezi iwiri ndikusakaniza ndi chimanga chogaya m'mawa uliwonse, koma pasikelo odya ufawo ndi osadya ankangofanana. Dokotala wa ziweto atawerenga pathumbapo anangopukusa mutu: unali wa nkhuku ndi nkhumba. Nkhosa imabzikula. Chilichonse chimene yadya chimayamba chafika m'chifu chachikulu chija, momwe tizilombo timaphwanya lysine ndi mnzake methionine zisanafike m'matumbo mmene thupi limayamwira. Ndalama zanga zinadyetsa tizilombo.

Ulipo ufa wina wokutidwa kuti udutse m'chifumo osawonongeka, pathumba amalemba kuti rumen-protected. Ndi wodula, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri pa ubweya, makamaka methionine kwa oweta nkhosa za ubweya za Merino. Dorper sitimeta. Ngati ana akudya kale msipu wa lucerne ndi soya wokwanira, ine sindionapo chifukwa.

Kambulu ka mankhwala okulitsa ziweto otchedwa zeranol, komwe ambiri amakadziwa ndi dzina la Ralgro, n'ka mamiligalamu 12 ndipo kamalowetsedwa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, kamodzi basi. Apa sikelo inayankha. Koma kamafuna chobayira chakechake, chomwe mumagula padera, komanso dzanja laukhondo, apo ayi khutu limatupa mafinya kambulu n'kupita pachabe. Sikalowa m'malo mwa chakudya: mwana wa nkhosa wanjala sanenepa ngakhale mumubaye. Musaike kambuluka pa nkhosa zimene mukusungira mbewu. Muziyang'ananso kumbuyo kwa ziweto, chifukwa zina zimatuluka thumbo zikanenepa mofulumira m'khola.

Funsani kaye wogula nyama yanu. Mayiko a European Union analetsa nyama ya ziweto zobayidwa mankhwala otere kuyambira 1989, ndipo kunonso alipo ogula amene safuna yobayidwa.

Ineyo, pa ana ofula opita kokaphedwa, ndimasankha kambulu. Ufa sindinaukhululukirebe, ndipo ndalama yake ndimagulira lucerne.