ChatGPT ya pa intaneti kapena Llama ya pa laputopu: musankhe iti?

Mamodelo akuluakulu a AI monga ChatGPT ndi Gemini mphamvu ali nazo, palibe angatsutse. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, eni ake akhala akungowonjezera nzeru zake. Mukaipatsa lipoti lalitali kapena pulogalamu yomwe yakana kuyenda, imakuthandizani kuposa modelo iliyonse yaing'ono. Koma zomwe mwalemba zimachoka m'manja mwanu n'kupita ku makompyuta a kampani, ndipo netiweki ikangoduka, ntchito yaima.

Ine mtima wanga uli kumbali ya mamodelo ang'onoang'ono a pa laputopu. Mu 2023 Meta inatulutsa Llama, kampani ya ku Paris ya Mistral n'kubweretsa Mistral 7B, kenako mu Januwale 2025 DeepSeek ya ku China inatulutsa R1. Awa ndi mamodelo oti munthu atha kukopera n'kusunga yekha. Ofufuza ambiri tsopano akulimbana ndi kuwachepetsa. Njira ina amati quantization: nambala za m'kati mwa modelo amazifupikitsa kuchoka pa 16 bit kufika pa 4, moti modelo ya 7B (yokhala ndi nambala zotere 7 biliyoni) yofuna malo okwana 14 GB imatsika kufika cha pa 4 GB. Ina ndi distillation, pomwe modelo yaikulu imaphunzitsa yaing'ono monga mmisiri amaphunzitsira mwana wake ntchito.

Yesani nokha. Ikani Ollama, pulogalamu yoyendetsera mamodelo pa kompyuta yanu, kopani modelo imodzi, zimitsani Wi-Fi, muipatse kalata kuti iifupikitse. Fani ya laputopu iyamba kulira, makina atentha pang'ono, mawu azituluka limodzilimodzi, koma yankho lifika, ndipo kalatayo sinatuluke m'chipindamo. Kwa dokotala wosunga zolemba za odwala kapena loya wosunga zinsinsi za anthu, zimenezi si nkhani yaing'ono ayi.

Chenjezo langa ndi lakuti onsewa amatha kupeka zinthu molimba mtima, koma ang'onoang'onowa ndiye amapeka kwambiri. Masamu ovuta amawasokoneza, ndipo pa zilankhulo zomwe zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti amafooka kwambiri.

Ndiye mafunso ovuta komanso opanda chinsinsi kafunseni modelo yaikulu ya pa intaneti. Ntchito zobwerezabwereza monga kusanja makalata, ndi chilichonse chachinsinsi, patsani ya pa laputopu, bola makina anu akhale ndi RAM (memore yogwirira ntchito ya kompyuta) yosachepera 8 GB. Ikakhala 16 ndiye bwino kwambiri.