Magnum wakale ndi Magnum watsopano

Amene anakula akuonera Magnum, P.I., sewero la pa TV la ku America la wofufuza milandu payekha, la 1980 mpaka 1988, amakumbukira Tom Selleck amene ankasewera Magnum, ndevu zake za pamlomo, malaya amaluwamaluwa ndi Ferrari yofiira m'misewu ya ku Hawaii. Nkhani inkayenda mosathamanga. Magnum anali msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mabala a mumtima ankaonekera ngakhale akuseka.

Mu 2018 kanema wa ku America wa CBS anadzutsanso seweroli ndi Jay Hernandez ngati Magnum. Ndevu zija zinapita, Vietnam inasanduka Afghanistan, ndipo Higgins, bambo wokhwimitsa malamulo woyang'anira pakhomo pamene Magnum ankakhala, amene ankaseweredwa ndi John Hillerman, anakhala mkazi, Perdita Weeks. Apa ndi pamene panagona mkangano. Okonda lakale ankati chatsala ndi dzina ndi galimoto basi. Ine ndimawamvetsa. Kukokana kwa Magnum ndi Higgins wakale kunkakoma chifukwa panalibe za chibwenzi, pomwe m'latsopanoli awiriwa anadzagwa m'chikondi.

Achinyamata amene Selleck sanamuonepo analibe choyerekeza nacho, ankangosangalala ndi liwiro, mfuti ndi nyanja. CBS italisiya mu 2022, oonerawa anadandaula kwambiri, kanema wina wa NBC n'kulitenga mpaka linatha mu 2024.