Madala a ku Limbe anabwezera muvi wa chronograph yanga pa 12

Amene muli ndi wotchi ya makina, yosagwiritsa batire, ndipo muvi wautali wa chronograph (mbali ya wotchi yoyezera nthawi imene chinthu chatenga) sukubwerera pa 12 mukadina batani lam'munsi, musathamangire kuipereka kwa aliyense wokhala ndi katebulo ka mawotchi. Ine ndinapeza thandizo kwa madala ena okonza mawotchi ku Limbe, ndipo ntchito yawo ndaikhutira nayo, ngakhale pali ziwiri zimene ndidandaule.

Wotchi yanga ndinaigula ku Johannesburg kwa munthu amene anaivalapo kale. M'kati mwake muli makina a Valjoux 7750 a ku Switzerland, amene anatuluka m'zaka za m'ma 1970 ndipo mpaka lero akadali m'mawotchi ambiri. Kabwalo kowerenga mphindi 30 kali pamwamba, ka maola 12 kali pa 6, ka masekondi a nthawi zonse kali pa 9. Tsiku lina inagwa pa simenti. Galasi silinasweke, nthawi imayendabe bwino, koma muvi wa pakati uja unayamba kuima masekondi awiri kupitirira 12. Kenako unkasuntha pang'onopang'ono ndikamadina. Ena angati n'zazing'ono, koma chronograph imene ikuyambira pa masekondi awiri m'malo mwa ziro imakunamizani pa chilichonse chimene mukuyeza, ndipo manambala a tachymeter, oyezera liwiro, ozungulira m'mphepete amakhala opanda ntchito.

Mnyamata woyamba amene ndinamuonetsa anakoka kopukusira wotchi ka m'mbali n'kuyamba kudina mabatani awiri pamodzi. Njira imeneyo ndi ya mawotchi a batire, chifukwa mmenemo muvi uliwonse wa chronograph umayendetsedwa ndi kainjini kamagetsi kamene mungakauze poimira. Wotchi ya makina ilibe zimenezo. Ndinaitenga mwaulemu n'kuchokapo.

Madalawa anayamba mosiyana. Asanatsegule chilichonse anaika kagalasi pa diso, anayambitsa chronograph, anaimitsa muvi utafika pa masekondi 15, n'kubweza. Anachitanso chimodzimodzi pa 30 ndi pa 45, akuyang'ana ngati muvi ukugwera pamalo amodzi. Atatero anati, "Achimwene, mtima uli bwino, nyundo ili bwino. Muvi wokha ndi umene wakhwepa pa mtengo wake." Ndinawafunsa kuti, "Madala, mtima wake uti?" Ndipo anatenga pepala n'kundijambulira.

Pa gudumu loyendetsa muviwo pali kachitsulo kooneka ngati mtima. Mukadina batani lobweza, kanyundo kamagwera pa kachitsuloko n'kukatembenuza mpaka mbali yake yophwatalala itagundana ndi nyundoyo. Pamenepo ndi pa ziro pa makinawo, ndipo sipasintha. Muvi umangokanikizidwa pa kamtengo kowonda ka gudumulo, popanda sikuluwu kapena guluu. Ndiye kubwerera kuja kumachitika mwamphamvu, m'kuphethira kwa diso, moti kapaipi ka muvi kakakhwepa pang'ono chabe, muvi umatsetsereka nthawi iliyonse imene nyundo yamenya. Akanakhala kuti vuto lili pa nyundo kapena pa mtima, muvi bwenzi ukuima malo osiyanasiyana kutengera mbali imene wachokera, nthawi ina kumanzere kwa 12, nthawi ina kumanja. N'chifukwa chake anayesa poyamba, kuti asandilipiritse ntchito yophwasula makina onse pamene vuto lili pamwamba.

Tsiku loikonza anandilola kukhala pambali n'kumaona. Anachotsa chivundikiro chakumbuyo, anazula kopukusira, n'kutulutsa makina pamodzi ndi nkhope ya wotchi. Pa nkhopeyo anayalapo kapulasitiki kopyapyala kuti isakalike, kenako ndi tizitsulo tiwiri tosongoka anatukula muvi kuchokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kapaipi ka muvi anakafinya pang'ono kwambiri pa kachipangizo kawo kuti kagwirenso. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anaubwezera. Anakhazika makinawo pa chogwirira chokhala ndi kachitsulo kochirikiza pansi, pakati penipeni, kuti pokanikiza muvi asatulutse kamwala kamene gudumu limazungulirapo. Ndi chala chimodzi anagwira chobwezera chili chodinidwa, kuti nyundo ikhale itapanikiza mtima, ndipo dzanja linalo linaika muvi pa 12 ndendende. Anauika mopepuka kaye, anayang'ana ali chilili pamwamba pake, anaukankha pang'ono ndi kamtengo, ndiyeno anaukanikiza kotheratu. Sanalankhule nane mpaka atamaliza.

Pambuyo pake anaonetsetsa kuti muviwo sukukhudza muvi wa mphindi pansi pake kapena galasi pamwamba. Anaona kuti kamuvi ka mphindi 30 kakudumpha pamene muvi waukulu ukudutsa pa 12, osati usanafike. Anapemerera fumbi ndi kopopera mpweya asanatseke, ndipo pansi pa galasi palibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Izi ndazifufuza padzuwa.

Tsopano zodandaula. Choyamba ndi nthawi. Tsiku limene anandilonjeza silinatheke, ndipo sanandiimbire. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe n'kukapeza wotchi ikadali mu kabati. Ntchito yeniyeniyo sinatenge ngakhale ola limodzi, choncho kuimba foni kamodzi kukanandipulumutsira ndalama ya ulendo. Chachiwiri, alibe makina oyesera ngati wotchi ikulowa madzi. Anapaka mafuta pa kalabala ka chivundikiro n'kukabwezera kakale komweko. Koma anandiuza okha poyera kuti, "Imeneyi musasambe nayo, achimwene, ndipo mvula ikayamba muibise." Kuona mtima kumeneko ndinakuyamikira, kungoti pa wotchi yodula ndikanakonda kalabala katsopano.

Mtengo unali woyenera, wotsika kwambiri poyerekeza ndi kuitumiza ku South Africa. Sanandikakamizenso kuti atsuke ndi kuthira mafuta makina onse, ngakhale anandichenjeza kuti pa wotchi yosadziwika mbiri yake ntchito imeneyo isachedwe. Anandipatsa lisiti lolemba pamanja, n'kunena kuti muvi ukasunthanso ndibwere nayo sadzandilipiritsa, koma ulendo wachiwiri kudzafunika muvi watsopano chifukwa kapaipi sikafinyidwa kawirikawiri, kamang'ambika.

Papita miyezi ingapo ndikuivala tsiku ndi tsiku, ndipo chronograph ndimaigwiritsa ntchito pothamanga m'mawa. Muvi ukubwerera pa 12 kuchokera kulikonse kumene ndauimitsa. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Mukapita kwa wokonza aliyense ndi vuto ngati limeneli, mufunseni kaye ngati ali ndi chogwirira makina a chronograph komanso ngati amaika muvi batani lobweza lili lodinidwa. Akayamba kukoka kopukusira n'kumadina mabatani, tengani wotchi yanu.