SSD ya Samsung 870 EVO ya 500GB: miyezi isanu ndi itatu ndili nayo

Ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe, ndiye laputopu yanga imakwera nane minibasi ndi kabaza sabata iliyonse. Hard disk ya 1TB yomwe inabwera nayo inayamba kulira kuti tiki tiki ngati wotchi, ndipo ndikayatsa laputopu ndinkatha kutereka madzi a tiyi Windows isanatseguke. Mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe anandiuza kuti, "Achimwene, m'menemu muli mbale yozungulira ndi kasingano kowerenga. Mabampu a mumsewu akukupherani disk." Ndi iyeyo anandiikira SSD imeneyi, chosungira zinthu m'kompyuta chomwe chimalowa m'malo mwa hard disk. Muli ma chip okhaokha, palibe chozungulira.

Kusiyana kwake ndinakuona tsiku lomwelo. Laputopu imayaka ndisanamalize kukoka mpando. Zithunzi za ukwati wonse zimatseguka mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, popanda kujama, ndipo pamiyendo sipatenthanso ngati kale. Pabokosi analemba kuti imawerenga mpaka 560MB pa sekondi. Mwezi watha chikwama cha laputopu chinagwa pa kabaza ku Chirimba, mtima unangoti phwii, koma nditafika kunyumba zonse zinali bwinobwino.

Pa nkhani ya malo ndiye ganizirani bwino musanagule. Windows imaonetsa 465GB osati 500GB. Si kuba ayi, opanga amawerengera ndi 1,000 pomwe kompyuta imawerengera ndi 1,024. Komabe kwa ife a zithunzi ndi mavidiyo malowa ndi ochepa, pofika mwezi wachitatu inali itatsala pang'ono kudzaza. Ndikanadziwa ndikanadikira kaye mpaka ndalama zikwane za ya 1TB.

Ambiri amandifunsa ngati SSD simatha msanga, poti ma chip ake ali ndi malire a kalembedwe. Ya 500GB imeneyi chitsimikizo chake ndi zaka zisanu kapena 300TB zolembedwa, chomwe chayamba kukwana. Pulogalamu ya Samsung Magician imakuonetsani zomwe mwalemba kale, ndipo ine sindinafike ngakhale pa 10TB. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi china. Hard disk ikamafa nthawi zambiri imayamba yadandaula kaye, monga inachitira yanga, n'kukupatsa mpata wopulumutsa zinthu. SSD imatha kungoti zii osachenjeza, ndipo zomwe wafufuta mwangozi n'zovuta kuzibweza. Zithunzi za ukwati wa munthu sungazijambulenso kachiwiri. N'chifukwa chake ndinagulanso hard disk yakunja ya 2TB, yomwe pa GB iliyonse ndi yotchipa kwambiri, ndipo imakhala m'kabati. Ndikangobwera kuntchito ndimakoperamo zonse ndisanadye nsima.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi ndi theka. Mukagula, itseguleni mu Magician kuti muone ngati ndi yeniyeni wogulitsayo ali pomwepo, chifukwa zachinyengo zomata dzina lomweli ziliko pamsika.