Winkler kapena optode: poyeza kupuma kwa mabakiteriya ku mathiriro a Bons Sinais

Kufupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique, pamene mtsinje wa Bons Sinais umathira m'nyanja, madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mchere wa pamalo amodzimodzi umasintha m'maola 6 okha. Madzi akamaphwa amakokolola zoola za m'matope a mitengo ya mangrove, mabakiteriya amapeza chakudya, okosijeni n'kuyamba kutha msanga. Kuti muone liwiro la kupuma kwawo, mumatsekera madzi m'botolo lakuda n'kuyeza okosijeni amene wachepa. Nkhani yagona pa choyezera: njira ya Winkler, yoyeza ndi mankhwala, kapena optode, kachipangizo koviika m'madzi.

Njira ya Winkler ndi yakale, ya 1888. Mumathira manganese ndi iodide, kenako asidi, n'kumadontheza thiosulfate mpaka mtundu wa buluu uzimiririke. Chimene ndimaikondera n'chakuti imawerenga okosijeni yemwe alimodi m'madzimo, kaya ndi amchere kaya ayi. Koma botolo limodzi ndi muyeso umodzi basi, ndiye kutsata kudzaza ndi kuphwa konse kumafuna mabotolo ambirimbiri komanso dzanja losanjenjemera. Vuto lina lili m'matope. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi sulfate pafupifupi magalamu 2.7, ndipo m'matope mopanda mpweya mabakiteriya amapumira sulfate ameneyu n'kutulutsa sulfide, fungo lija la mazira oola. Sulfide akalowa m'botolo, Winkler amakupatsani nambala yotsika.

Optode imayeza ndi kuwala, siidya okosijeni, sulfide saisokoneza kwenikweni, ndipo imatha kulemba mphindi iliyonse. Msampha wake ndi mchere. Kachipangizoka kamamva mphamvu ya mpweya, kenako kamachita masamu kuti kapeze mamiligalamu. Pa 25°C madzi opanda mchere amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 8.3 pa lita, pomwe a m'nyanja, a mchere wa magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi, amasunga 6.8. Mukaiwala kusintha nambala ya mchere pa kachipangizoka madzi atadzaza, muyeso umakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mudzaimba mlandu mabakiteriya pa kusiyana kobwera ndi mchere. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa ntchito ya tsiku lonse padzuwa imapita pachabe.

Ine ndingasankhe optode yokhala ndi choyezeranso mchere, n'kusunga mabotolo angapo a Winkler otsimikizira, ena madzi atadzaza, ena ataphwa.