LibreOffice Calc popanga matchati: yaulere, yokwanira pa ntchito za mu ofesi, koma ili ndi malo ofooka

Amene amalemba malipoti a mwezi ndi mwezi, kaya kusukulu, kuchipatala, ku bungwe kapena pashopu, amadziwa kuti abwana safuna kuwerenga manambala mzere ndi mzere. Amafuna tchati. Ambiri amathamangira ku Microsoft Excel, koma Excel ndi yolipira, ndipo laisensi ikatha imakana kusintha fayilo. LibreOffice Calc imagwira ntchito yomweyo popanda kulipira ngakhale tambala. Imapangidwa ndi The Document Foundation, bungwe lomwe linayamba mu 2010 pamene akatswiri ena anapatuka ku OpenOffice.org, pulogalamu ina yaulere ya ntchito za mu ofesi, ndipo linalembetsedwa ku Berlin. Mtundu woyamba unatuluka mu Januwale 2011. Kuyambira 2024 nambala ya mtundu imatsata chaka ndi mwezi, choncho 24.8 ndi wa Ogasiti 2024 ndipo 25.2 ndi wa Febuluwale 2025.

Fayilo yoikira pa Windows ndi pafupifupi 350 MB. Munthu mmodzi akadawunilodi, akhoza kuika pa fulashi n'kugawira ofesi yonse, ndipo malamulo a pulogalamuyi amalola zimenezo. Ikalowa m'kompyuta siifunanso intaneti. Amene akadali pa Windows 7 kapena 8.1 atenge 25.2, chifukwa 25.8 inasiya makompyuta amenewo.

Chigamulo changa ndi ichi: pa matchati a mizati, a mizere ndi ozungulira, omwe ndi amene malipoti ambiri amafuna, Calc ndi yokwanira kwambiri. Imayamba kuvuta tebulo lanu likamakula mwezi ndi mwezi, komanso mukamatumizirana mafayilo ndi anthu a Excel.

Titenge shopu yogulitsa zipangizo zaulimi. Mu kolamu A muli miyezi, mu B muli matumba a feteleza omwe agulitsidwa, mu C muli ndalama zomwe zalowa. Mzere woyamba ndi wa mitu, ndiye miyezi 12 ikutenga A1 mpaka C13. Sankhani mabokosi amenewa, pitani ku Insert, dinani Chart. Pamatseguka Chart Wizard yokhala ndi masitepe anayi: Chart Type, Data Range, Data Series ndi Chart Elements. Chomwe chimasangalatsa n'chakuti tchati chimasintha pomwepo mukamasankha, kotero mumaona zotsatira musanadine Finish. Mitundu ilipo ndi Column, Bar, Pie, Area, Line, XY, Bubble, Net, Stock ndi Column and Line, ndipo mu 24.8 anawonjezera tchati chozungulira chomwe chimatulutsa tizigawo ting'onoting'ono pambali. Mukafuna makolamu osagundana, monga A ndi C okha, sankhani woyamba, gwirani Ctrl, kenako sankhani winayo.

Sitepe yachiwiri ndi imene anthu amaidumpha, pomwe ndi yomwe imawononga matchati ambiri. Pali timabokosi tiwiri, First row as label ndi First column as label. Kolamu yoyamba ikakhala ndi mayina a miyezi, Calc imazindikira yokha. Koma ikakhala ndi zaka, 2022, 2023, 2024, pulogalamu imatha kuziona ngati manambala oti ijambule, ndiye mumapeza mizati yaitali yofika 2,000 itaima pafupi ndi matumba anu 150. Chongani First column as label, zakazo zitsikira pansi pamalo pake. Vuto lina lofanana nalo ndi kusankha pamodzi ndi mzere wa chiwonkhetso. Mzati wa chaka chonse umatalika kwambiri n'kupondereza miyezi yonse pansi. Siyani mzere umenewo kunja, ndipo musaphatikize mabokosi a mitu ndi Merge Cells, chifukwa mayina a pa tchati amasokonekera.

Tchati chikatuluka chopanda kanthu, kapena mwezi wina ukusowa, pafupifupi nthawi zonse vuto lili m'tebulo. Wina analemba K450,000 ndi chilembo kutsogolo, kapena anasiya mpata pakati pa manambala, ndiye Calc ikuwerenga ngati mawu. Apa Calc ili ndi chida chabwino kuposa momwe ambiri amaganizira: dinani Ctrl ndi F8, kapena View kenako Value Highlighting. Manambala enieni amasanduka abuluu, mafomula obiriwira, mawu amatsala akuda. Ndalama zomwe zatsala zakuda ndiye zolakwikazo. Chotsani K pogwiritsa ntchito Find and Replace, yomwe imatseguka ndi Ctrl ndi H, kenako sankhani kolamu yonse, pitani ku Data, Text to Columns, onetsetsani kuti Comma sinachongedwe, dinani OK. Ngati mukufuna kuti K azionekabe, muikeni kudzera mu Format Cells polemba "K"#,##0 pa Format Code. Nambala imakhalabe nambala, chilembocho n'chovala chabe.

Madeti nawo ali ndi msampha wake. Kompyuta ikakhala pa Chingerezi cha ku America, 03/04/2025 imawerengedwa kuti 4 Malichi pomwe inu mumatanthauza 3 Epulo, ndipo 25/04/2025 imakanidwa n'kukhala mawu. Tchati cha mzere chimayamba kudumphadumpha popanda chifukwa chooneka. Konzani zimenezi musanalembe kalikonse: Tools, Options, gawo la zilankhulo, Locale setting, sankhani Chingerezi cha ku UK kapena cha ku Malawi.

Tibwerere ku shopu ija. Matumba ali m'mazana, ndalama zili m'mamiliyoni. Mukaziika pa sikelo imodzi, mizati ya matumba imagona pansi osaoneka n'komwe. Sankhani mtundu wa Column and Line, ikani 1 pa Number of lines, ndipo kolamu yomaliza, ya ndalama, isanduka mzere. Dinani kawiri pa mzerewo, pitani ku Options, sankhani Secondary Y axis. Tsopano ndalama zili ndi sikelo yake kumanja. Manambala a mamiliyoni amadzaza mbali yonse ndi maziro, choncho dinani kawiri pa sikelo ya kumanjayo, pitani ku Numbers, chotsani chongi pa Source format, lembani 0.0,, pa Format Code. Makoma awiri a kumapetowo amagawa nambala ndi miliyoni, ndiye 4,500,000 imaoneka 4.5. Musaiwale kulemba kudzera mu Insert, Titles kuti kumanja ndi mamiliyoni a kwacha ndipo kumanzere ndi matumba. Tchati cha masikelo awiri chopanda mitu chimanamiza owerenga, chifukwa pomwe mzere wadutsana ndi mzati sipatanthauza kalikonse.

Zonsezi zimatheka pokhapokha tchati chili chotseguka. Mukadina kamodzi, mumangochisuntha kapena kuchikulitsa. Mukadina kawiri, m'mphepete mumabwera mzere wotuwa ndipo menyu ya pamwamba imasintha. Ongoyamba kumene amasochera apa, amafunafuna Titles pomwe tchati sichinatseguke. Kumbali imeneyi Excel ndi yosavuta, chifukwa mukangodina tchati zida zake zimabwera pambali pomwepo. Calc imafuna kuti mudziwe komwe chinthu chabisala, koma mukadziwa, palibe chosowa.

Pa sikelo ya kumanzere, tsegulani Scale muone Minimum. Manambala akayandikana, monga 820, 850 ndi 870, sikelo imatha kuyambira pamwamba, ndiye kusiyana kwa 50 kumaoneka ngati malonda awirikiza katatu. Pa tchati cha mizati chotsani Automatic mulembe 0. Pa tchati cha mzere mukhoza kuyambira pena, chifukwa diso likutsata kukwera ndi kutsika, koma mzati umawerengedwa ndi kutalika kwake. Pomwepo pali Major interval, yomwe mungaike 50 kapena 100 kuti mizere yopingasa isachuluke. Mizati ikaoneka yowonda, dinani kawiri pa umodzi, mu Options tsitsani Spacing kuchoka pa 100% kufika cha pa 50%. Mu Options momwemo muli Plot missing values. Mwezi womwe shopu sinalembe malonda usaikidwe Assume zero, chifukwa tchati chidzanena kuti simunagulitse kanthu. Leave gap ndi yomwe imanena zoona.

Mphunzitsi wofuna kuonetsa momwe ana akhozera phunziro lililonse pa mayeso a MSCE asankhe Bar, ya mizati yogona, chifukwa mayina aatali a maphunziro amakwana bwino kumanzere. Ayambe wasanja tebulo ndi Data, Sort, kuchokera pa chachikulu. Calc idzaika mzere woyamba wa tebulo pansi pa tchati, zomwe zimadabwitsa ambiri. Tsegulani mzere wa mayinawo, mu Scale chongani Reverse direction, dongosolo libwerera momwe lilili m'tebulo. Tchati chozungulira chisungeni pa zinthu zosapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwe pamodzi zikupanga chinthu chathunthu, monga momwe bajeti yagawidwira. Miyezi 12 pa tchati chozungulira palibe angaiwerenge.

Mitundu yomwe Calc imayamba nayo siyokongola kwenikweni: buluu wakuda, kenako wofiirira ngati lalanje, wachikasu, wobiriwira. Ndi yolimba m'maso ndipo imaoneka yachikale poyerekeza ndi ya Excel. Mukhoza kuisintha kamodzi kokha mu Tools, Options, Charts, Default Colors, ndipo matchati onse atsopano azitsata mitundu yanuyo. Chofunika kwambiri kuno kwathu n'chakuti malipoti ambiri amathera pa pirinta ya inki yakuda, kenako pa fotokope. Buluu ndi wobiriwira onse amatuluka otuwa ofanana. Apa Calc imachita bwino: dinani kawiri pa mzati, pitani ku Area, sankhani Hatch, mupatse gulu lina mizere yopendekera, lina mulisiye lakuda, lina loyera la m'mphepete mwakuda. Ngakhale pepala lidutse pa fotokope kangapo, magulu amasiyanabe. Onjezerani manambala pamwamba pa mizati podina kumanja kwa mausi n'kusankha Insert Data Labels, ndipo gulu likakhala limodzi lokha chotsani Legend, kabokosi kofotokoza mayina a magulu, chifukwa kakungodya malo.

Kuyambira mu 7.4 ya 2022 muli Sparklines, timatchati tokwana m'kabokosi kamodzi, tothandiza pa tebulo la nthambi zambiri. Mu 7.5 ya 2023 anawonjezera Data Table, yomwe imaika manambala onse pansi pa tchati. Trend Line, mzere woonetsa komwe manambala akulowera, ilipo kalekale, ndi mitundu monga Linear, Exponential ndi Moving average, ndipo imaonetsa fomula pamodzi ndi R² kwa ophunzira a ku yunivesite omwe akulemba kafukufuku.

Tsopano zofooka. Chachikulu n'chakuti tchati sichikula chokha. Mu Excel, mukasandutsa manambala kukhala Table ndi Ctrl ndi T, mzere uliwonse wowonjezera pansi umalowa m'tchati nthawi yomweyo. Mu Calc, mukalemba mwezi watsopano pa mzere 14, tchati chimaimabe pa 13, ndipo sichikuchenjezani. Lipoti limatha kupita kwa abwana mwezi womaliza mulibe. Njira zozembera zilipo: lembani miyezi yonse ya chaka pasadakhale n'kusiya mabokosi a manambala opanda kanthu, kapena tsegulani tchati, pitani ku Format, Data Ranges, musinthe 13 kukhala 14. Kwa wolemba manambala a tsiku ndi tsiku, zimenezi n'zotopetsa, ndipo pano Excel yapambana poyera.

Chachiwiri, matchati omwe Excel inabweretsa mu 2016, monga Waterfall, Treemap ndi Sunburst, simungawapeze pa mndandanda wa Chart Wizard, ndipo fayilo ya mnzanu yokhala ndi amenewa siitseguka momwe iye anaipangira. Akauntanti wozolowera Waterfall adzavutika. Chida cha Recommended Charts, chomwe chimakusankhirani tchati choyenera, nachonso mulibe.

Chachitatu ndi kutumizirana mafayilo. Calc imasunga mu ODS, mtundu wake wa fayilo, koma imathanso kusunga mu XLSX, mtundu wa Excel. Mizati ndi mizere zimadutsa bwino, koma malo a mitu, kukula kwa zilembo ndi mizere ya Hatch nthawi zina zimasuntha fayilo ikatsegulidwa mu Excel. Mukakopera tchati kupita mu Writer kapena Impress, mapulogalamu a LibreOffice olembera malipoti ndi opangira masilaidi, chimanyamula manambala ake n'kuduka ku tebulo, kotero mukasintha tebulo mawa, cha mu lipoti chimatsala ndi zakale.

Google Sheets imaposa Calc anthu angapo akamalemba m'tebulo limodzi kuchokera m'maboma osiyana, koma imadalira netiweki ndi bandulo. Pafoni, LibreOffice ili ndi pulogalamu ya Android yongowerengera mafayilo, ndiye ntchito ya matchati ndi ya pakompyuta.

Ngati wolandira lipoti akungofuna kuona, musamutumizire tebulo. Dinani kamodzi pa tchati, kumanja kwa mausi, Export as Image, sankhani PNG ya pa WhatsApp ndi imelo kapena SVG yosaphwanyika mukaikulitsa. Lipoti lonse litulutseni ndi File, Export as PDF. Ndipo poti magetsi amatha kuzima ntchito ili mkati, pitani ku Tools, Options, Load/Save, General, muonetsetse kuti AutoRecovery, yomwe imasunga yokha ntchito yanu pakapita mphindi zingapo, yachongedwa, mutsitse nthawi yake kuchoka pa mphindi 10 kufika pa 3.